Thanki ya T11 yobwereka: kuunika kwa otumiza makemikolo oyaka

Amene amatumiza methanol, acetone, toluene kapena ethyl acetate wochuluka kutsidya kwa nyanja amasankha pakati pa zotengera zitatu: migolo ya malita 200, ma IBC (timathanki ta makona anayi) a malita 1,000, kapena thanki imodzi yaikulu ya ISO. Pano tikuunika thanki ya ISO ya mtundu wa T11 monga momwe makampani obwereketsa mathanki amaiperekera, pamodzi ndi ntchito yomwe amalonjeza, yobweretsa thanki yotsuka pa fakitale, kuiyendetsa pamsewu ndi pa sitima, n'kudzaitenga ikakhuthulidwa. Maganizo athu tineneretu. Ngati katundu wanu ndi wa gulu 3, la zamadzimadzi zoyaka, ndipo akufika malita 20,000 pa ulendo umodzi, palibe chotengera chomwe chikuposa T11. Vuto lake ndi lakuti ambiri akaibwereka amaganiza kuti abwerekanso udindo wotsata malamulo, pamene mwini thanki kawirikawiri amayankha za thanki yokha. Za zomwe mwathiramo, kuchuluka kwake ndi zomwe mwalemba pa mapepala, woyankha ndinu.

Thanki yeniyeniyo ndi mgolo wogona wa chitsulo chosachita dzimbiri, kawirikawiri cha mtundu wa 316L, womangidwa mkati mwa felemu yofanana ndi kontena ya mafiti 20: mamita 6.058 m'litali, 2.438 m'lifupi ndi 2.591 kupita m'mwamba. Zambiri zimalowa malita pakati pa 21,000 ndi 26,000, ndipo yopanda kanthu imalemera matani osakwana pang'ono anayi. Imaloledwa kugwira ntchito pa presha ya bar 4, imayesedwa pa bar 6, ndipo valavu yopumira ya pamwamba imatseguka yokha presha ikafika bar 4.4. Pamwamba pali chibowo cholowera munthu cha mamilimita 500 ndi kapayipi ka mpweya. Pansi, kumbuyo, pali potulukira pa mainchesi atatu pomwe pamatsekedwa katatu motsatizana: valavu ya mkati mwa thanki, valavu ya kunja, kenako chitsekerero. Valavu ya mkatiyo ili ndi waya woyenda m'mbali mwa felemu kuti munthu athe kuitseka ali patali payipi ikaphulika. Waya ameneyu muzimukoka musanayambe kudzaza. Pa mathanki okalamba amapezeka wadzimbiri kapena woduka, ndipo ochepa okha ndi amene amakumbuka kumuyang'ana.

Kuyerekeza ndi zotengera zina sikufuna mawu ambiri. Kontena ya mafiti 20 imalowa migolo 80, omwe ndi malita 16,000, kapena ma IBC 18. Mgolo uliwonse uli ndi zitsekerero zake zomwe zingadonthe, uliwonse ufuna chizindikiro chake, ndipo kontenayo ifuna satifiketi yotsimikiza kuti yapakiridwa bwino, yomwe thanki sifuna. Ma IBC saloledwa kunyamula zamadzimadzi za packing group I, zomwe ndi zoopsa kwambiri, ndipo a pulasitiki wamba amasunga magetsi a static, choncho si oyenera zinthu zoyaka msanga. Chikwama chachikulu cha flexitank, chomwe ena amakopeka nacho chifukwa chotsika mtengo, sichiloledwa n'komwe pa katundu woopsa.

Kodi T11 ikuyenera kemikolo yanu?

Funso limeneli siyankhidwa ndi wobwereketsa, liyankhidwa ndi mndandanda wa katundu woopsa womwe uli mu IMDG Code ya bungwe loona za panyanja la IMO pa ulendo wa panyanja, ndi mu ADR pa misewu ya mayiko omwe ali mu mgwirizanowo. Chiyambi chake ndi flash point, kutentha kotsikitsitsa komwe kemikolo imatulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ikakumana ndi moto. Zamadzimadzi zomwe flash point yake ndi madigiri 60 kutsika pansi zili mu gulu 3. Zowira pa madigiri 35 kapena kuchepera apo zili mu packing group I. Zomwe flash point yake ili pansi pa madigiri 23 zili mu II, ndipo kuyambira 23 mpaka 60 zili mu III. Pa mndandandawo katundu amadziwika ndi nambala ya UN, ndipo nambala ya UN iliyonse ili ndi T yake, yosonyeza mtundu wa thanki wofunika. Acetone, UN 1090, afuna T4. Toluene, UN 1294, nayenso T4. Methanol, UN 1230, afuna T7. Styrene, UN 2055, afuna T2. Diethyl ether, UN 1155, yemwe amawira pa madigiri osakwana 35, afuna T11 yeniyeniyo. Popeza malamulo amalola kugwiritsa ntchito thanki yolimba kuposa yomwe yatchulidwa, T11 imanyamula zonsezi, ndipo ichi ndicho chifukwa chake mathanki ambiri obwereketsa ali a mtundu umenewu.

Koma nambala yaikulu sikutanthauza kuti thanki ikuyenera zonse zapansi pake. Apa ndi pomwe anthu amakodwa. T8, T9 ndi T10 salola potulukira pansi, pamene T11 ili napo. Kemikolo yolembedwa T10 singalowe mu T11 ngakhale 11 aposa 10. Ifuna thanki monga T14, yokhuthulira pamwamba ndiponso yokhala ndi kambale kong'ambika patsogolo pa valavu yopumira. Zoyaka zomwe zilinso ndi poizoni woopsa kwambiri zimagwera kumeneko. Tsegulani tebulo la ndime 4.2.5.2.5 ya IMDG Code n'kuona nokha ngati T11 yatchulidwa pa mzere wa T ya kemikolo yanu. Muonetsetsenso kuti buku lomwe mukugwiritsa ntchito ndi la nyengo yake, chifukwa IMDG Code imasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Kusintha kwa 41-22 kunayamba kukakamiza pa 1 January 2024, ndipo kwa 42-24 tsiku lake ndi 1 January 2026.

Pomwe T11 imavutitsa kwambiri: mlingo wodzazira

Ngati pali chinthu chimodzi chomwe chimatipangitsa kuti tisaiyamikire thankiyi mopanda malire, ndi kuchepa kwa mpata womwe imakupatsani pa kuchuluka kwa katundu. Pali malire a pamwamba, palinso a pansi, ndipo onse awiri ndi lamulo.

Malire a pamwamba amabwera chifukwa zamadzimadzi zimafufuma zikatentha. Thanki yodzazidwa m'mawa kukuzizira ikhoza kudzakhala masabata padoko lotentha, ndipo ngati mulibe mpata pamwamba, kemikolo imadzaza thanki yonse, presha n'kukwera mwadzidzidzi, valavu yopumira n'kuyamba kulavula zamadzimadzi m'malo mwa nthunzi. Lamulo limawerengera kuti katundu angafike madigiri 50. Pa makemikolo olembedwa TP1 pa mndandanda uja, monga acetone, mumatenga 97 n'kugawa ndi 1 kuphatikiza kafufumidwe ka kemikoloyo pa digiri iliyonse kuchulukitsa ndi kusiyana kwa madigiri 50 ndi kutentha kwa pa nthawi yodzaza. Pa olembedwa TP2, monga methanol, mumayambira pa 95. Kafufumidweko mumakapeza kuchokera ku kulemera kwa lita imodzi pa madigiri 15 ndi pa madigiri 50.

Tiyese ndi acetone. Pa madigiri 15 lita imalemera pafupifupi makilogalamu 0.796, pa madigiri 50 pafupifupi 0.756. Kusiyana kwake, 0.040, mukagawa ndi 35 kuchulukitsa 0.756, mupeza 0.0015 pa digiri iliyonse. Mukudzaza pa madigiri 20, ndiye kusiyana ndi madigiri 30, ndipo 97 kugawa ndi 1.045 ikupatsani pafupifupi 92.8 peresenti. Mu thanki ya malita 25,000 ndiye kuti malita 23,200, omwe ndi matani 18.3. Methanol pa kutentha komweko amathera pafupifupi pa 91.6 peresenti. Onani kuti kukazizira kwambiri pa tsiku lodzaza, malire amatsikanso. Nambala yomwe munawerengera nyengo yotentha musaigwiritse ntchito chaka chonse.

Malire a pansi ndi omwe ambiri sawadziwa. Thanki yopanda zotchinga mkati siloledwa kuyenda ili ndi katundu wopitirira 20 peresenti koma wosafika 80 peresenti, ngati zamadzimadzizo ndi zopyapyala, ndipo zosungunulira zonse zatchulidwa pano ndi zopyapyala. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anayendetsapo galimoto ya thanki. Matani khumi ndi kanthu a zamadzimadzi akakhala ndi malo othamangira, dalaivala akaponda mabuleki katundu yense amamenya kutsogolo n'kukankha galimoto, ndipo pokhota amathamangira mbali imodzi n'kuigubuduza. Choncho mu thanki ya malita 25,000, acetone amaloledwa pakati pa malita 20,000 ndi 23,200 basi. Wogula akaitanitsa matani 14, omwe ndi malita pafupifupi 17,700, thankiyo idzangofika 71 peresenti ndipo siyenera kutuluka pa geti. Njira ndi ziwiri: kupempha thanki ya malita 21,000, momwe katunduyo afika 84 peresenti, kapena thanki yokhala ndi zotchinga zogawa mkati mwake m'zigawo zosapitirira malita 7,500. Mathanki a zotchinga alipo ochepa, amavuta kutsuka, ndipo muyenera kuwapempha nthawi ikadalipo.

Pa makemikolo olemera vutoli limatembenuka. Chlorobenzene, UN 1134, amalemera pafupifupi makilogalamu 1.11 pa lita. Kuti mufike 80 peresenti mu thanki ya malita 26,000 mufuna malita 20,800, omwe ndi matani 23, ndipo pamodzi ndi thankiyo mwayandikira matani 27 musanawerengere galimoto ndi ngolo yake. Thankiyo payokha imapirira, zambiri zimaloledwa mpaka makilogalamu 36,000, koma malire a kulemera pamsewu a dziko lomwe mukutumizako akhoza kukukanizani. Makampani obwereketsa abwino amafunsa kulemera kwa lita ndi kuchuluka kwa oda asanasankhe thanki. Amene angokutumizirani iliyonse yomwe ili pafupi, ameneyo ntchito yake ndi yoperewera.

Thanki ikafika pa fakitale

Musayambe ndi mapepala omwe dalaivala wabwera nawo, yambani ndi chimbale chachitsulo chokhomedwa kumbuyo kwa thanki. Pamenepo pali T yake, presha yoyesera, malita ake ndi masiku omwe inayesedwa, odindidwa ndi chidindo cha bungwe loyesa monga Bureau Veritas, Lloyd's Register kapena DNV. Thanki imayesedwa zaka ziwiri ndi theka zilizonse, poiyang'ana mkati ndi kunja ndi kuona ngati sikudontha, ndipo pa zaka zisanu zilizonse imayesedwanso ndi presha ya madzi. Tsiku likadutsa, kudzaza n'koletsedwa. Yomwe inadzazidwa tsiku lisanadutse imaloledwa kupitiriza ulendo kwa miyezi yosapitirira itatu. Ife timati thanki yotsala ndi masabata ochepa ibwezedwe ngati ulendo ndi wautali, chifukwa sitima zimachedwa, ndipo thanki yodzaza yomwe nthawi yake yatheratu ili padoko la eni imadya ndalama ndi nthawi kuti ichoke. Nambala ya pa chimbale ifanane ndi ya pa felemu ndi ya pa satifiketi. Chimbale cha CSC, chonena za kulimba kwa felemu, chikhaleponso.

Kenako satifiketi yotsukira. Ku Ulaya malo ambiri otsukira amapereka chikalata cha ECD cha bungwe la EFTCO, chomwe chimatchula katundu womaliza ndi njira yomwe anatsukira. Kwina chikalata chimangoti yatsukidwa, zomwe sizikuuzani kanthu. Pemphani mayina a katundu atatu omaliza. Chifukwa choyamba ndi chitetezo: zotsalira za asidi kapena za makemikolo okoleza moto zikakumana ndi chosungunulira chanu zikhoza kutentha. Chifukwa chachiwiri ndi ubwino wa katundu, ndipo apa ndi pomwe mathanki obwereka amakhumudwitsa kawirikawiri. Mgolo umaoneka wowala, koma zotsalira zimabisala m'gasiketi ya chivindikiro, pansi pa valavu ya mkati, m'kapayipi ka mpweya ndi m'timaenje tomwe dzimbiri la chloride limaboola pa chitsulo. Acetone ndi methanol amasungunula chilichonse chomwe apeza, ndipo fungo kapena mtundu wa katundu wakale umatulukira pa sampulo ya wogula. Magasiketi akhale a PTFE (Teflon), ndipo ngati katundu ndi wosalola chinyezi, mkati mukhale mouma ndithu. Kuyang'ana kuchitike muli pamwamba ndi tochi yovomerezeka pa malo a nthunzi yoyaka. Munthu asalowemo popanda chilolezo cholembedwa ndi kuyeza mpweya.

Kudzaza kwenikweni kuli ndi mdani mmodzi wamkulu, magetsi a static omwe amapangika zamadzimadzi zikamakhuzana ndi payipi ndi fyuluta. Toluene ndi xylene sadutsitsa magetsi, choncho amawasunga mpaka atathetheka. Ndipo pa madigiri 20 nthunzi ya toluene pamwamba pa katundu imakhala pafupifupi 3 peresenti ya mpweya, pakati penipeni pa mlingo womwe imayaka, womwe ndi kuyambira 1.1 mpaka 7.1 peresenti. Ya methanol imakhala pafupifupi 13 peresenti, nayonso mkati mwa mlingo wake wa 6 mpaka 36. Ndiye kuti m'thanki muli kale zonse zofunika kuti moto ubuke, kwangotsala kuthetheka kumodzi. Thanki ili ndi kachitsulo kolumikizira waya wa ethi pa felemu. Waya alumikizidwe pamenepo chivindikiro chisanatsegulidwe, pa chitsulo chopanda penti, ndipo mita ionetse ma ohm osapitirira 10. Malo odzazira abwino ali ndi makina okana kuyatsa pampu waya akapanda kugwira. Dzazirani pansi, kapena ndi payipi yofika pansi pa thanki, osati kugwetsa kemikolo kuchokera pamwamba ngati mathithi. Yambani pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi pa sekondi, mpaka kamwa la payipi litamira. Mukamaliza dikirani kaye musanalowetse ndodo yoyezera kapena botolo la sampulo, kuti magetsi atsikire pansi.

Tinenepo za methanol mwapadera, popeza ambiri amamuona ngati wofatsa. Moto wake masana suoneka bwino, munthu akhoza kuulowa osadziwa, ndipo thovu wamba lozimitsira moto limasungunuka pa iye. Pamalo odzazira pakhale thovu lopirira mowa.

Nayitirojeni si mankhwala a zonse

Njira yodziwika yochotsera ngozi ya moto m'thanki ndi kuthamangitsa mpweya wa okosijeni ndi nayitirojeni, ndipo T11 imalola zimenezi mosavuta kudzera pa kapayipi ka mpweya. Pa toluene, acetone ndi methanol ndi njira yabwino. Ili ndi mtengo wake: thanki ya nayitirojeni imapha munthu woweramira m'chibowo asanamve chilichonse, choncho pa chivindikiro pamangidwe chenjezo ndipo wolandira katundu auzidwe polemba.

Koma pa makemikolo omwe amatha kugwirana okha n'kusanduka pulasitiki, monga styrene ndi methyl methacrylate, UN 1247, nayitirojeni akhoza kubweretsa ngozi yomwe mumaithawa. Makemikolo amenewa amathiridwa choletsa kugwirana, TBC mu styrene ndi MEHQ mu methyl methacrylate, ndipo zoletsazi zimagwira ntchito pokhapokha muli okosijeni wosungunuka m'katundumo. Mukamuchotsa yense, choletsacho chimangokhala. Kutentha nakonso kumachidya msanga. Kugwirana kukayamba kumatulutsa kutentha, kutenthako kumafulumizitsa kugwirana, ndipo chofunda chomwe chimakuta mgolo wa thanki, chomwe timachiyamikira pa katundu wina, chimasunga kutenthako mkati. Valavu ya bar 4.4 singathe kutulutsa zonse zomwe zimapangika pamenepo.

Zomwe zinachitika pa sitima ya MSC Flaminia mu July 2012 zimaonetsa mapeto ake. Mathanki atatu a divinylbenzene, kemikolo ya m'banja lomweli, anapakiridwa ku New Orleans atakhala masiku padzuwa padoko, n'kuikidwa m'chipinda cha pansi pa sitima. Ali pakati pa nyanja ya Atlantic katunduyo anagwirana, nthunzi inadzaza chipindacho n'kuphulika, ndipo anthu atatu ogwira ntchito m'sitimayo anafa. Mu 2018 khoti la ku New York linagamula kuti wopanga kemikoloyo ali ndi mlandu wa 55 peresenti, ndipo kampani ya mathanki 45 peresenti, mwa zina chifukwa chosapereka kwa eni sitima chenjezo la kutentha lomwe linali lodziwika. Pa katundu wotere funsani wopanga kuchuluka kwa choletsa chomwe wathira, masiku omwe chingapirire ndi pa kutentha kotani, ndipo zimenezi zifike kwa kampani ya sitima polemba. Mapayipi otenthetsera ndi nthunzi omwe ali pansi pa T11 asalumikizidwe n'komwe pa katundu ameneyu.

Mapepala ndi zikwangwani

Makampani ambiri obwereketsa amadzipereka kukulemberani chikalata cha katundu woopsa. Thandizo limeneli ndi labwino, koma wosayina ndinu, ndipo iwo amangokopera zomwe zili pa SDS (chikalata cha chitetezo cha kemikolo) yomwe mwawapatsa, makamaka gawo 14 la zamayendedwe ndi gawo 9 lomwe lili ndi flash point. SDS ikakhala yakale kapena ya kemikolo yongofanana ndi yanu, cholakwacho chimayenda mpaka pa sitima. Pa zosakaniza, flash point iyezedwe pa chosakanizacho, osati kutengera chinthu chomwe chachuluka. Kachigawo kochepa ka acetone kamatha kutsitsa chosakaniza chonse kuchoka mu packing group III kulowa mu II.

Kalembedwe kali ndi dongosolo lake losasinthika: nambala ya UN, dzina lovomerezeka, gulu, ngozi yachiwiri, kenako packing group. Methanol amalembedwa UN 1230, METHANOL, 3 (6.1), II, momwe 6.1 ndi gulu la zapoizoni, ndipo pa ulendo wa panyanja pamawonjezedwa flash point yake yoyezedwa m'chotengera chotseka, 12°C c.c. Dzina la malonda silivomerezeka. Chosakaniza choyaka chopanda nambala yakeyake kawirikawiri chimapita pa UN 1993, ndipo pambuyo pa dzinalo pamatchulidwa makemikolo omwe akubweretsa ngoziyo. Ngati katundu amawononga zamoyo za m'nyanja, mawu akuti MARINE POLLUTANT alembedwe ndipo chizindikiro cha nsomba ndi mtengo chimatidwe. Kuyambira pa 1 July 2016 kontena iliyonse, thanki yomwe, imafuna kulemera kotsimikizika isanakwere sitima.

Zikwangwani za gulu 3, zofiira, za mamilimita 250 mbali zonse, zimamatidwa mbali zinayi za thanki. Methanol afunanso chikwangwani cha 6.1 pambali pake, ndipo ichi chimaiwalika kawirikawiri. Nambala ya UN ikhale ya zilembo zosachepera mamilimita 65, ndipo panyanja dzina lovomerezeka lilembedwe mbali ziwiri. Pa misewu ya ADR pamafunikanso chimbale cha olenji cha mamilimita 400 ndi 300 chokhala ndi nambala ya ngozi pamwamba: 33 pa acetone ndi toluene, 336 pa methanol, 39 pa styrene. Mathanki obwereka nthawi zina amafika ali ndi zidutswa za zikwangwani za katundu wakale. Zichotsedwe zonse, chifukwa ozimitsa moto amakhulupirira zomwe aona. Ndipo amene amalemba, kusayina kapena kudzaza ayenera kukhala ophunzitsidwa malinga ndi mutu 1.3 wa IMDG Code, pamene ADR imafuna kuti kampani ikhale ndi mlangizi wa chitetezo cha katundu woopsa.



Pokhuthula ndi pomwe T11 imaonetsa kufooka komwe ambiri sakuyembekezera. Mgolo womwe umapirira bar 6 kuchokera mkati ndi wofooka ukapanikizidwa kuchokera kunja. Malamulo amangofuna kuti upirire bar 0.4, kapena 0.21 ngati uli ndi valavu yolowetsa mpweya. Pampu ikamakoka katundu kapayipi ka mpweya katatsekedwa, thanki imakwinyika ngati chitini chopondedwa, ndipo mtengo wake umagwera wobwereka. Zimachitikanso thanki yotsukidwa ndi nthunzi ikatsekedwa idakali yotentha. Musanayatse pampu lumikizani payipi yobwezera nthunzi kuchokera ku thanki yolandirira, kapena lowetsani nayitirojeni. Kukankha katundu woyaka ndi mpweya wa kompuresa n'kolakwika kotheratu, chifukwa mukuthira okosijeni wopanikizidwa pamwamba pa chinthu choyaka. Potsegula yambani ndi kuona kuti mavalavu onse awiri ndi otseka musanamasule chitsekerero, chifukwa valavu ya mkati ikakhala kuti inkadontha pa ulendo, kumbuyo kwa chitsekereroko kumakhala kemikolo.

Pa nkhani ya ndalama, werengani bwino masiku aulere omwe mwapatsidwa kumbali yodzazira ndi yokhuthulira. Akatha, tsiku lililonse limalipiridwa, ndipo wogula amene amasandutsa thanki nkhokwe yake amakubweretserani bilu yomwe imadya phindu lonse. Gwirizanani polemba kuti wolipira kutsuka ndani, ndi malita angati otsalira omwe akuloledwa.

Thanki ikakhuthulidwa siikhala yopanda ngozi. Malita ochepa otsalira pansi amadzaza malita 25,000 ndi nthunzi, ndipo ngati mpweya unalowa pokhuthula, thanki imeneyo ndi yosavuta kuphulika kuposa yodzaza. Malamulo amaiona ngati katundu woopsa mpaka itatsukidwa: mavalavu ndi chivindikiro zitsekedwe ngati ili yodzaza, zikwangwani zonse zikhalebe, dalaivala akhale wa chiphaso chomwe chimafunika pa thanki yodzaza, ndipo chikalata chilembedwe ndi mawu akuti EMPTY UNCLEANED kapena RESIDUE LAST CONTAINED pamodzi ndi dzina la katundu womaliza. Zikwangwanizo zimachotsedwa kumalo otsukira, satifiketi yatsopano ikatuluka.